Flamboyant: mtengo wotchuka womwe kwawo kunasowa

Chilimwe chikafika pachimake mu Okutobala ndi Novembala, thengo lonse litauma gwa, m'pamene flamboyant amayaka psuu m'misewu ya ku Lilongwe, Zomba ndi Mangochi. Ambiri amayesa ndi mtengo wa makolo athu. Ayi ndithu, kwawo ndi ku Madagascar.

Katswiri wa zomera wochokera ku Bohemia, Wenceslas Bojer, ndiye anaupeza ku Foulpointe, kum'mawa kwa chilumbacho, m'zaka za m'ma 1820. Mbewu zake zinapita ku Mauritius, n'kufalikira m'maiko otentha. Mu 1829 katswiri wina wa zomera, William Hooker, anausindikiza ndi dzina loti Poinciana regia, ndipo mpaka lero ku America amautcha royal poinciana.

Dzinali lili ndi kachilema. Limakumbutsa Phillippe de Longvilliers de Poincy, bwanamkubwa wa Afalansa pa chilumba cha Saint Kitts, yemwe analemera ndi nzimbe zolimidwa ndi akapolo ochokera kuno ku Africa. Munthuyu anamwalira mu 1660, ndiye mtengowu sanauoneko n'komwe. Ulemu wotere n'ngongotola.

Mu 1837 katswiri wina, Constantine Rafinesque, anaupatula ku gulu la Poinciana n'kuutcha Delonix regia, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "chikhadabo choonekera". Uyu ndiye anaupenyetsetsa. Tolani duwa limodzi: lili ndi timasamba tisanu, kalikonse kopyapyala kutsinde ngati chikhadabo, kotambasuka kunsonga. Tinayi n'tofiira, kachisanu kali ndi mawanga oyera ndi achikasu. Mtengowu ndi wa banja la nyemba, umboni wake ndi zitheba zija zotalika mpaka masentimita 60, zomwe zikauma ana amazigwedeza ngati maseche.

Chodabwitsa n'chakuti mtengo umene Bojer anauona unali wodzalidwa ndi anthu. Kwa zaka pafupifupi 100, mtengo wokongoletsa mizinda kuyambira ku India mpaka ku Caribbean unalibe nkhalango yodziwika yomwe umamera wokha. Mpaka mu 1932 m'pamene katswiri wa zomera Jacques Leandri anakaupeza m'nkhalango zouma za pamiyala kumadzulo kwa Madagascar, komwe mvula imadula miyezi yambiri. N'chifukwa chake umayoyola masamba m'chilimwe, ndipo ng'amba ya kuno siiwopa.

Koma wofuna kudzala pakhomo autalikitse ndi nyumba. Mizu yake imayenda pamwamba, imang'amba khonde ndi maziko, ndipo pansi pake ndiwo zamasamba sizikula bwino.