Ophunzira Amene Anafunsa Chimene Chikupha Ana Okomoka

Munthu akatsika mapiri a Dedza pa msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere nafika m'chigwa cha Golomoti, chimene chimayamba kumulonjera ndicho chifundizi cha kunyanja, ndipo akapitirira ulendo wake kulowera ku Mua ndi ku Mtakataka, kumene minda ya mpunga ya ku Bwanje imamwa madzi a Namikokwe, sachedwa kuzindikira kuti madzi amene amadyetsa anthu a kuno ndi omwewo amene amalera udzudzu. N'chifukwa chake m'nyengo ya dzinja amayi a m'chigwa chino amadziwa bwino usiku woopsa uja, pamene mwana amene dzulo lake ankasewera pabwalo atentha thupi, nagwidwa ndi linjirinjiri, nakomoka, kotero kuti mayi amamubereka mumdima kuthamangira naye ku chipatala cha mishoni ya Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa m'chaka cha 1902.

Nthenda imeneyi madokotala amaitcha malungo a mu ubongo, ndipo zambiri zimene dziko lapansi likudziwa za iyo zinapezeka kuno kwathu, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, pamodzi ndi anzawo, anafalitsa m'chaka cha 1989 muyeso woonera kukula kwa chikomokere cha mwana wosatha kulankhula, poyang'ana maso ake, kulira kwake ndi mmene akuthawitsira dzanja akamutsina. Muyesowo mpaka lero umatchedwa ndi dzina la mzinda wa Blantyre m'zipatala za maiko akutali. Koma pamene anapempha makolo ofedwa, mwaulemu ndi mwachisoni, kuti aunike matupi a ana amene anamwalira, anapeza chinthu chodetsa nkhawa: pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse amene ankati wafa ndi malungo a mu ubongo anali atafa ndi nthenda ina. Chifukwa chake nchakuti kumadera ngati kuno kunyanja ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi ngakhale ali bwinobwino, ndipo mwana wotere akakomoka ndi nthenda ina, magazi ake amanamizira malungo.

Nanga nthenda inayo ndi iti? Funso limeneli analisenza dokotala wa ana wa ku Malawi konkuno, Macpherson Mallewa, pamene ankachita kafukufuku wa digiri yake ya PhD mothandizidwa ndi bungwe la Wellcome Trust, akugwira ntchito ndi akatswiri a ku yunivesite ya Liverpool. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito yake inali yodekha ndithu: kulemba mbiri ya mwana aliyense, kufunsa makolo zimene ena sanaganize kufunsa, ndi kutumiza kukayeza zimene maso sakanatha kuona. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa m'chaka cha 2007, zinaonetsa kuti mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 anafa ndi chiwewe, ndiponso kuti mwa ana 26 amene imfa yawo anaiika pa malungo a mu ubongo, atatu anali ataphedwa ndi chiwewe chomwecho. Ena mwa iwo analibe n'komwe zizindikiro zimene anthu amazidziwa, monga kuopa madzi, kotero kuti choona chinadziwika ana atatsikira kale kuli chete.

Wophunzira uja lero ndi Pulofesa, ndipo anasankhidwa kutsogolera yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences, imene inabadwa m'chaka cha 2021 pophatikiza sukulu ya madokotala ya College of Medicine ndi ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing. Ulemu umenewo ndi womuyenera. Komabe ine ndiyesa kuti chachikulu chimene kafukufuku wake anatisiyira ndi funso lalifupi limene tsopano dokotala wochenjera salidumpha akalandira mwana wokomoka, lakuti kodi mwanayu sanalumidwepo ndi galu m'miyezi yapitayi; pakuti kachilombo ka chiwewe kamakwera pang'onopang'ono m'mitsempha kuchokera pa bala kufikira ku ubongo, ndipo bala limatha kupola, banja n'kuiwala, pamene imfa idakali paulendo.

Nayo mbali ya mankhwala ili ndi mbiri yake. Dziko lathu linali loyamba mu Africa kusiya chloroquine m'chaka cha 1993, tizilombo titamuzolowera, n'kutenga Fansidar, amene nayenso anafooka nalowedwa m'malo ndi LA m'chaka cha 2007. Pakati pa ofufuza achinyamata a nthawi imeneyo panali Kamija Phiri, amene mtima wake unali pa ana ogonekedwa chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Anawa amapatsidwa magazi, nachira, natuluka makolo akusangalala, koma ambiri amabwereranso kapena kumwalirira kumudzi m'miyezi yochepa, popeza thupi lofooka limakumananso ndi udzudzu womwe uja. Phiri ndi anzake anayesa kupatsa ana otere mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi atatuluka m'chipatala, nafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 2012. Ndipo kafukufuku winanso atatsimikiza ku Kenya ndi ku Uganda, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza njira imeneyi m'chaka cha 2022. Zaka khumi zinadutsa pakati pa pepala la wofufuza ndi chilolezo cha akuluakulu a WHO ku Geneva, ndipo ndikaganiza za ana amene anatuluka m'zipatala m'zaka zimenezo, mtima wanga umawawa.

Ku Queen Elizabeth komweko makina ounika ubongo a MRI anafika m'chaka cha 2008, ndipo pofika 2015 gulu la Karl Seydel, mmene munalinso katswiri wathu wa zithunzi za m'thupi Sam Kampondeni, linaonetsa kuti ana ambiri amene amafa ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza mbali imene imalamulira kupuma. Makina otere kuno kuchigwa kulibe, koma nzeru zake zimafika: mwana wokomoka afunika jakisoni wa artesunate msanga, osadikira kuti kuche. Ndipo galu akaluma mwana ku Mtakataka, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mwanayo n'kupita naye kukabayitsa katemera tsiku lomwelo, chizindikiro chilichonse chisanaoneke.