Chenjezo kwa Alimi ndi Amalonda Ogwiritsa Ntchito AI pa Foni

Pulogalamu ya AI imafika pokhapokha pamene mwini foni wailola kufika. Ulangizi, yomwe imayankha alimi m'Chichewa pa WhatsApp, imatenga mayankho ake m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Koma pulogalamu imene yaloledwa kuwerenga mauthenga a m'foni imaonanso mauthenga a ndalama a Airtel Money ndi TNM Mpamba.

Choncho alimi ndi ogulitsa usipa ku Mangochi, Monkey Bay ndi Makanjira akulangizidwa kupereka chilolezo cha ntchito imodzi yokha, kuchichotsa ntchitoyo ikatha, komanso kusaulula nambala yachinsinsi.

Malinga ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, madandaulo apite ku bungwe la MACRA.