Wonena kuti wapindula ndiye aonetse umboni

M'madera a m'mbali mwa nyanja monga Chintheche, Kande ndi Usisya, mabanja ambiri amadalira nsomba ndi ndalama zochokera kwa abale a ku Joni. Masiku ano ena akuika ndalamazi pa malonda a masheya kudzera pa foni. Malondawa abweretsanso mikangano. Wina akati wapindula mamiliyoni, mnzake amati ndi bodza, ndipo woyambayo amayankha kuti, "Tsimikiza kuti ndikunama." Kodi woyenera kupereka umboni ndani?

Lamulo lakale la m'mabwalo a milandu limati wonena ndiye atsimikize. Msodzi akanena kuti wapha ndowa makumi awiri za usipa, sitifunsa wokayika kuti abweretse mboni. Timapita pa thandala kukaona. Umboni uli m'manja mwa msodziyo, choncho udindo wouonetsa ndi wake. Chimodzimodzinso wochita malonda a masheya: ndiye asunga zikalata, ndiyenso akupempha ndalama za anzake.

Zomwe zidachitika ku South Africa zikutiphunzitsa zambiri. Kampani ya Mirror Trading International, yotsogoleredwa ndi Johann Steynberg, inkati ili ndi pulogalamu ya kompyuta yopindulitsa ndalama za anthu mwezi ndi mwezi. Mu 2020 bungwe la FSCA, loyang'anira makampani a zachuma m'dzikolo, lidachenjeza anthu za kampaniyi, koma ambiri adakhulupirirabe manambala omwe ankaona pa foni. Mu Disembala chaka chomwecho kampaniyo idagwa ndipo Steynberg adathawira ku Brazil, komwe adamangidwa mu 2021. Mu 2023 khoti la ku Cape Town lidagamula kuti malondawo adali achinyengo, olipira akale ndi ndalama za olowa kumene. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga umboni weniweni ndi uti? Chithunzi cha manambala pa foni si umboni, pakuti aliyense angathe kuchikonza. Kuno kwathu masheya amagulitsidwa pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, pomwe kampani ya NICO idali yoyamba kulembetsa mu 1996. Wogula amadzera kwa mkhalapakati wachiphaso, yemwe amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya Reserve. Iyeyu amapereka chikalata chosonyeza tsiku, chiwerengero cha masheya ndi mtengo wake. Tifunse tsono dzina la mkhalapakatiyo, tione chikalatacho, ndiponso timve za miyezi imene munthuyo adaluza, chifukwa mitengo ya masheya imakwera ndi kutsika. Wolonjeza phindu lokhazikika mwezi uliwonse akulonjeza chomwe msika sungapereke.

Komabe mfundoyi imamanganso woneneza. Kunena kuti "sindinaone umboni" n'kosiyana ndi kunena kuti "ndiwe wabodza". Mawu achiwiriwa ndi mlandu, ndipo nawo amafuna umboni. Lamulo lachisanu ndi chitatu limaletsa kunama, limaletsanso kuipitsa mbiri ya mnzathu popanda chifukwa. Ena amafalitsa malonda achinyengo chifukwa nawonso adanamizidwa, ndipo mawa adzalira limodzi ndi amene adawakopa.

Pa chifukwa ichi, nkhani yotere ikafika mu mphakati kapena m'gulu la banki m'khonde, akatekisiti ndi atsogoleri athandize anthu kufunsa modekha, popanda kutukwana. Ndalama za gulu zisatuluke mpaka zikalata zitaoneka. Wokana kuzionetsa tisamutche wakuba, koma tisamupatsenso ndalama zathu.