Tchuthi ku Mulanje: Kodi Tikagone Mbali Iti ya Phiri?

Tchuthi cha ana asukulu chikayandikira, mabanja ambiri a mu Blantyre, Limbe ndi Zomba amayamba kukambirana za kokapitidwa mphepo, ndipo masiku ano dzina la Mulanje silisowa pa zokambiranazo. Ulendo wake ngwaufupi, makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre mukadzera msewu wa Midima. Phirili lidatchukanso kwambiri mu Julaye 2025 pamene bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo amtengo wapatali pa dziko lonse lapansi.

Koma owerenga athu okondedwa, kungoti "tikupita ku Mulanje" sikukwanira. Phiri la Mulanje ndi chimtunda chachikulu, makilomita oposa 20 m'litali ndi m'lifupi momwe, ndipo mbali iliyonse ili ndi nyengo yake, misewu yake ndi mitsinje yake. Bambo amene walipira chipinda kapena nyumba ya lendi ya masiku anayi osafunsa kuti ili mbali iti, angathe kutha ndalama za tchuthi chonse pa minibasi ndi kabaza, kapena kukhala m'nyumba ndi ana masiku onsewo akuyang'ana mvula pa zenera. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Vuto lotere alendo amakumana nalo ngakhale kunja. Mzinda wa Venice ku Italy udamangidwa pa tizilumba toposa 100, ndipo misewu yake ikuluikulu ndi ngalande za madzi moti anthu amayenda pa maboti. Mlendo wofuna nyumba kumeneko amayamba wasankha dera. La San Marco ndilo lili pafupi ndi zinthu zokongola zimene anthu amadzera, koma ndi lodula, lodzaza anthu, ndiponso bwalo lake lili potsika kotero kuti nyanja ikakwera limayamba kumira ndi lomwelo, monga zidachitikira mu Novembala 2019. Ku Mulanje kulibe ngalande zotere, komabe nakonso amene amalamula ndi madzi. Mitsinje ya Likhubula, Thuchila, Lichenya, Ruo ndi Muloza yonse imatsika m'phirimo, ndipo wosankha pogona ayambe waganizira za iyo.

Chitakale ndi pa Boma

Chitakale ndi pamphambano. Apa mpamene msewu wochokera ku Blantyre wopita ku malire a Muloza umakumana ndi wopita ku Likhubula ndi Phalombe, ndipo kuchoka apa kufika pa Boma ndi mtunda waufupi ndithu. Msika ulipo, magolosale alipo, mafuta a galimoto ndi mabanki simuvutika nazo, ndipo chipatala chachikulu cha boma chili pa Boma pomwepo. Mzikiti nawo suvuta kuupeza, zimene zili zofunika ngati tchuthi chanu chigwera tsiku la Lachisanu.

Ife tikuona kuti banja limene latenga makanda, mayi woyembekezera kapena agogo, lisavutike nkuganiza zambiri, ligone kuno. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, kukongola kwa malo sikuthandiza kanthu, chofunika ndi msewu wa tala ndi chipatala. Ndipotu phirilo limaoneka bwino lomwe muli khale pakhonde, minda ya tiyi itayala m'munsi mwake ngati mphasa yobiriwira.

Choipa chake ndi phokoso. Nyumba zambiri zogona alendo zotsika mtengo za pamalo a malonda zimakhala ndi bala pambali, ndipo Loweruka usiku nyimbo zimalira mpaka tambala woyamba. Musachite manyazi kufunsa mwini malo ngati pali bala, ndiponso ngati chipinda chimene akukupatsani chayandikana nayo. Malo ena ali chakumtunda kwa Boma, m'tsinde mwa phiri, kumene kuli phee, koma mtengo wake ngokwererapo ndipo kamtunda kake nkofuna galimoto.

Likhubula, khomo la okwera phiri

Makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chitakale, kuzambwe kwa phiri, kuli Likhubula. Amene cholinga chawo nkukwera phiri ayenera kugona kuno, chifukwa ofesi ya zankhalango kumene alendo amalembetsa ndi kupeza owatsogolera ndi owanyamulira katundu ili komweku. Njira zotchuka za Skyline ndi Chapaluka zopita ku Chambe zimayambira pano, chimodzimodzinso njira ya ku Lichenya. Kukwera phiri kumafuna kulawirira dzuwa lisanatenthe, choncho wogona ku Likhubula amakhala atapita kale patali pamene mnzake wa pa Boma akudikirabe kuti minibasi idzaze.

Pamwamba pa phiri pali tinyumba togona alendo monga ta Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Chisepo. Kameneka ka Chisepo ndiko kali pafupi ndi Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, imene palibe ina yoiposa m'Malawi muno. M'tinyumbati mumapezeka mlonda ndi nkhuni, koma ufa, ndiwo ndi zofunda mumanyamula nokha. Kwa ife izi nzabwino ndithu, popeza wophika yekha sakhala ndi chikaiko pa nyama imene akudya. Ngakhale malo ambiri ogona a m'tsinde mwa phiri amalola alendo kudziphikira. Gulani nyama ya halali ku butchala imene mukuidziwa musanalowere ku Likhubula, chifukwa kumeneko zogula nzochepa, kupatula nthochi, zinanazi ndi ziboliboli.

Ana amene sangathe kukwera pamwamba ali ndi pawo posangalalira. Ulendo wapansi wa ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono umakufikitsani pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi amagwa kuchokera pa thanthwe nkupanga dziwe lozizira ngati a mufiriji. Apa tichenjezane mosapsatira. Dziwelo ndi lakuya, miyala yake njoterera, ndipo anthu angapo adamirapo, ena mwa iwo achinyamata odziwa kusambira. Komanso pa masiku a zikondwerero za kumapeto kwa chaka pamadzaza anthu, ena ali ndi mabotolo m'manja, moti amayi ndi atsikana ofuna malo aulemu sangamasuke. Pitaniko m'mawa pakati pa sabata. Madzi a mtsinje womwewu ndi amene bungwe la Blantyre Water Board limatapa kupititsa ku mzinda wa Blantyre, kotero sopo ndi mapepala a pulasitiki tisamataye m'menemo.

Nawo wa pamwamba pa phiri si ulendo wochita matama. Nkhungu imatsika mwadzidzidzi nkuphimba njira, munthu osaona ngakhale phazi lake. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, adapitirira yekha cha ku Sapitwa atasiya womutsogolera, ndipo thupi lake lidapezeka patapita masabata. Ndalama yolipira wotsogolera muiwerengere pamodzi ndi ya chipinda, isakhale yoti mukaiganizire komweko. Dziwaninso kuti mpikisano wa chaka ndi chaka wothamanga m'phiri wotchedwa Porters Race umayambira ku Likhubula, nthawi zambiri mwezi wa Julaye, ndipo sabata imeneyo malo ogona amadzaza msanga.

Kummwera ndi kumpoto

Mukapitirira Boma kulowera ku Muloza, makilomita pafupifupi 30, mumadutsa m'dziko la tiyi lenileni, kumene kuli Mimosa, Lujeri ndi chigwa cha Ruo. Tiyi adayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891 pamene Henry Brown adamubzala pa esiteti ya Thornwood, ndipo chimene chidamukhazika mbali imeneyi ndi mvula. Mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja yamchere ya Indian imadutsa Mozambique nkudzagunda phirili chakummwera ndi kumvuma, mitambo nkukhuthula madzi ake konkuno. Nchifukwa chake kuno kumakhala kobiriwira ngakhale mwezi wa Okutobala pamene kwina konse kwauma gwa. Koma walira mvula walira matope. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kozizira kamene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, ndipo kakayamba kamatha masiku angapo osaleka. Misewu yolowa m'maesiteti njafumbi, ikanyowa imafuna galimoto yamphamvu. Mbali imeneyi ikuyenera banja lokhala ndi galimoto yakeyake, lofuna bata, limene latenga chakudya chokwanira ndi majuzi a ana. Amene akufuna kukaona msika wa Milange kutsidya kwa malire asaiwale ziphaso zoyendera.

Kumpoto kwa phiri, m'boma la Phalombe limene lidapatuka ku Mulanje mu 1998, nkouma ndi kotentherapo chifukwa phiri limatchinga mvula. Kumeneko kuli mpata wa Fort Lister pakati pa Mulanje ndi Michesi, pamene atsamunda adamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Okonda mbiri yakale akhoza kupitako m'mawa nkubwerako madzulo, koma malo ogona banja ngochepa.

Mtsinje uli pati?

Funso limeneli ndilo lalikulu pa onse, ndipo ambiri salifunsa. Nyumba ya m'mphepete mwa mtsinje imakopa maso, madzi akulira usiku wonse, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala palibe choopsa chilichonse. Koma tchuthi cha Disembala ndi cha kumapeto kwa Marichi chimagwera m'dzinja. Mitsinje ya m'phiri siidzaza pang'onopang'ono monga Shire. Mvula ikhoza kugwa pamwamba inu pansi mukuotha dzuwa, kenaka kamtsinje kamene ana amasewerapo m'mawa nkusanduka chimkokomo cha madzi, miyala ndi mitengo. Makolo athu ankati wadutsa napolo.

Anthu a kuno sayiwala za mwezi wa Marichi 1991 pamene madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zidasesa midzi ku Phalombe nkupha anthu mazanamazana. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adachitanso zomwezo m'chigawo cha kummwera, anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo Mulanje ndi Phalombe adali m'gulu la maboma okhudzidwa koposa. Milatho idakokoloka, madera ena adakhala masiku osafikika pa galimoto. Kutha kwa mitengo m'phiri, kuphatikizapo mkungudza umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, kwachititsa kuti nthaka isamagwire madzi monga kale.

Tsono ngati ulendo wanu ngwa m'dzinja, funsani mwini nyumba mafunso awiri musanatumize ndalama. Loyamba, nyumbayo yatalikirana bwanji ndi mtsinje, ndipo madzi a 2023 adafika pati? Lachiwiri, pakati pa nyumbayo ndi msewu wa tala pali milatho ingati kapena pooloka pangati? Zithunzi zimene amatumiza pa WhatsApp ndi Facebook zimajambulidwa tsiku la dzuwa, ndipo sizionetsa msewu. Ngati muli ndi mbale kapena mnzanu wa ntchito wokhala ku Mulanje, mpempheni akaione nyumbayo ndi maso, aone ngati muli maukonde a udzudzu, madzi osamba otentha ndi pophikira, ndipo ndalama yotsalayo mukapereke mutafika ndi kulandira makiyi.