Chinsinsi cha moto wa gasi chili pa kabowo

Mayi wina wophika zakudya pamsika wa Golomoti anandifunsa chifukwa chake mbaula yake ya gasi yayamba kudetsa mapoto ngati nkhuni. Atandionetsa, lawi linali lachikasu, likugwedera uku ndi uku. Mwana wake anali atakuza kabowo kotulukira gasi ndi msomali kuti moto uchuluke. Inenso kale zinkandizunguza mutu: bwanji bowo lalikulu limafooketsa moto?

Taganizani za paipi yothirira ndiwo kudimba. Mukaipana kukamwa ndi chala, madzi amathamanga n'kufika patali. Mukaisiya, amangoyenderera pansi. Kabowo ka mbaula n'kopapatiza dala kuti gasi atuluke mwaliwiro. Liwirolo limakoka mpweya kudzera m'mipata ya m'mbali, ndipo ziwirizi zimasakanikirana zisanafike pamoto. Zikasakanikirana bwino, lawi limakhala labuluu, lokhazikika, lotentha kwambiri. Bowo likakula, gasi amachuluka koma mpweya umaperewera. Zotsatira zake ndi mwaye pamapoto, silinda kutha msanga, komanso mpweya wakupha umene sununkha n'komwe.

Timabowo tozungulira pamwamba, pomwe lawi limayakira, nato tili ndi muyeso wake. Gasi akathamanga kuposa mmene moto ungamutenthere, lawi limanyamuka n'kusiya chitsulo, ndipo mwera ukangowomba, thii! Akachedwa kwambiri, moto umabwerera mkati n'kuphulika kuti phu. Phala likatseka ena mwa timabowoti, lawi limayaka mbali imodzi.

Choncho abale anga, tsukani timabowoti ndi kaburashi kofewa mbaula itazizira. Kabowo kotulukira gasi kakawonongeka, gulani kena kofanana nako. Msomali usayandikire.