Makiyi Osaoneka: Za Tokeni ndi Zilolezo za Mapulogalamu a Pafoni

Ntchito zambiri zimene kale tinkazigwira ndi kope ndi pensulo tsopano zasamukira pafoni. Maina a mamembala a kopaletivu, ndalama za masheya, uthenga wonena za fataleza wa FISP, ngakhalenso malipiro a soya ndi mpendadzuwa, zonsezi zikudutsa m'mapulogalamu. Koma pulogalamu siidziwa nkhope ya tcheyamani, siizindikiranso mawu a msungichuma. Imatsegulira aliyense amene wabwera ndi kiyi woyenera, kaya ndi mwini wake, kaya ndi wakuba. N'chifukwa chake taona kuti ndi bwino tifotokoze za makiyi amenewa: mmene amaperekedwera, zimene amatsegula, ndiponso mmene mungawalandire kwa munthu amene ntchito yake yatha.

Mawu achinsinsi, amene ena amati pasiwedi kapena PIN, tonse tikuwadziwa. Ntchito yake ndi kutsimikizira kuti wolowayo ndinudi. Tokeni ndiyo sidziwika bwino, ngakhale kuti amene munagulapo magetsi a ZESCO munaigwirapo kale m'manja. Manambala 20 aja amagwira pa mita imodzi yokha, ndiponso kamodzi kokha, ndipo mita sifunsa dzina la amene akuwalowetsa. Manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS mukamalembetsa nambala yanu ndi a mtundu womwewo, koma kusiyana kwake n'kwakuti iwowa amagwira pafoni iliyonse. Wina akawalowetsa m'foni yake, WhatsApp yanu yasamukira kwa iyeyo, ndipo magulu onse a alimi amene muli nawo adzayesa kuti wopempha ndalamayo ndinu. Choncho nambala iliyonse yotsimikizira imene yafika pa SMS, kaya ndi ya mobile money, kaya ndi yowombolera zipangizo za ulimi, musamwerengere munthu wokuimbirani foni, ngakhale atatchula udindo waukulu chotani.

Palinso tokeni ina imene maso sayiona, ndipo iyi ndiyo tikufuna kukhalitsapo. Mukaika pulogalamu yatsopano, mwachitsanzo yolembamo ndalama za pamunda, nthawi zambiri imakuonetsani batani lakuti "Sign in with Google". Mukalidina, pasiwedi yanu sipita kwa eni pulogalamuyo. Google imakufunsani ngati mukuvomera kuti pulogalamuyo ione zakutizakuti, ndipo mukavomera imaipatsa tokeni yonena zokhazo zimene mwalola. Njira imeneyi imatchedwa OAuth 2.0, ndipo inasindikizidwa mu 2012. Ikufanana ndi zimene woyang'anira munda wanzeru amachita ndi waganyu. Samupatsa mpukutu wonse wa makiyi. Amamulembera kakalata kopita kwa wosunga katundu, kakuti mumupatse matumba awiri a D compound lero. Kakalatako sikatsegula nyumba ya mbewu, sikatulutsa thirakitala, ndipo mawa sikagwiranso ntchito.

Kufananako kuli ndi malire, ndipo pamalire pomwepo ndi pamene ambiri amapunthwa. Tokeni imene Google imapereka imatha mphamvu patapita pafupifupi ola limodzi, koma mapulogalamu ambiri amalandiranso yachiwiri, yokhalitsa, imene ntchito yake ndi kukatenga ina yatsopano popanda kukufunsaninso. Yachiwiriyi ikhoza kukhala miyezi yambiri. Kuchotsa pulogalamu m'foni sikuifafaniza, pakuti chilolezocho chinalembedwa ku akaunti yanu, osati m'foni. Ngakhale kusintha pasiwedi sikuti nthawi zonse kumaithetsa. Njira yotsimikizika ndi kulowa m'akaunti yanu ya Google, kupeza mndandanda wa mapulogalamu a makampani ena amene analumikizidwa nayo, ndi kuchotsa iliyonse imene simukuigwiritsanso ntchito kapena simukuikumbukira. Ambiri akatsegula mndandandawo koyamba amadabwa ndi kutalika kwake.

WhatsApp nayo ili ndi khomo lotere. Imalola kulumikiza zipangizo zina mpaka 4 ku nambala imodzi, ndipo kulumikizako n'kwa kanthawi kochepa, kungoloza kamera ya foni yanu pa chizindikiro cha QR. Foni yosiyidwa yosakiya pamalo otchajira, kapena yobwerekedwa ndi munthu woti akukonzereni, ikhoza kubwerera ili bwinobwino, koma mauthenga anu akuwerengedwa kwina. Tsegulani Linked devices kamodzi pamwezi. Chimene simuchidziwa, chitulutseni. Ikaninso PIN ya two-step verification, kuti manambala a pa SMS okha asakwanire kulanda nambala yanu.

Chilolezo ndi nkhani ya zimene pulogalamu ingakhudze m'foni mwenimwenimo: kamera, maikolofoni, malo amene muli, maina a anthu amene munasunga, ndi ma SMS. Kuyambira pa Android 6, ya mu 2015, pulogalamu iyenera kupempha zimenezi ikamazifuna, ndipo mukhoza kukana. Android 10 inawonjezera mwayi wolola pulogalamu kudziwa malo panthawi yokha imene mukuigwiritsa ntchito, ndipo Android 11, ya mu 2020, inabweretsa chilolezo cha kamodzi kokha. Funso lodzifunsa ndi limodzi: kodi ntchito ya pulogalamuyi ikufunadi chinthuchi? Yozindikira mbozi pa masamba a chimanga ikufuna kamera, palibe chokayikitsa. Yoyeza kukula kwa munda ikufuna malo, koma pamene mukuyenda m'malire a mundawo basi, osati usiku wonse. Nanga ya tochi kapena ya nyimbo ikapempha kuwerenga ma SMS? Kumbukirani kuti manambala otsimikizira aja amafikira komweko. Ikaneni, ndipo ikakakamira, ichotseni.

Mapulogalamu a ngongole za msangamsanga ndiwo amatidetsa nkhawa koposa. Ena amapempha maina onse a m'foni, ndipo wokongola akachedwa kubweza amayamba kuvutitsa abale ake, anzake a mumpingo, ngakhale apongozi. Mu 2023 Google inaletsa mapulogalamu a ngongole a pa Play Store kupempha maina ndi zithunzi za m'foni. Koma lamulolo silifika pa pulogalamu imene mnzanu wakutumizirani pa Bluetooth kapena pa WhatsApp, ndipo m'midzi mwathu mapulogalamu ambiri amayenda motero pofuna kupulumutsa bando. Ife tikuti bando ya tsiku limodzi ndi yotsika mtengo kuposa manyazi otere. Zilolezo zimene munapereka kale mungazione pa Settings, kenako Apps, n'kusankha pulogalamuyo ndi kutsegula Permissions.

Tsopano tibwere kwa inu amene munachoka kuno n'kukasankhidwa kukhala alembi ndi asungichuma a makopaletivu. Ena mwa inu mumasunga kaundula wa mamembala pa Google Sheets, ndipo ndi nzeru yabwino, pakuti kope limanyowa ndipo chiswe chimalidya. Pogawana ndi anzanu pali maudindo atatu: Viewer amangoona, Commenter amatha kusiyapo ndemanga, Editor amasintha ndi kufafaniza. Mamembala a komiti ambiri Viewer iwakwanira. Editor akhale anthu awiri, mlembi ndi wina mmodzi, kuti wina akadwala ntchito isaime, komanso kuti chiwerengero cha matumba chikasintha mudziwe wofunsa. Si kunyoza tcheyamani kumupatsa Viewer. Ndi kumuteteza pa tsiku limene mamembala adzafunse kuti anachotsa dzina lauje ndani.

Pewani kusankha "Anyone with the link". Mukatero, linki yokhayo yasanduka tokeni, ndipo ikangoponyedwa m'gulu la WhatsApp simungadziwenso kumene yafika. M'kaundulamo muli manambala a NRC ndi a foni a anthu amene anakukhulupirirani, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinthu zotere, Data Protection Act ya mu 2021. Sankhani Restricted, ndipo muziika munthu aliyense ndi imelo yake.

Chinanso chimene chimagawanitsa magulu ndi umwini. Kaundula akatsegulidwa pa akaunti ya mlembi mwiniwake, mlembiyo akagonja pa chisankho kapena akasamukira ku Lusaka, amapita nayo. Tsegulani akaunti m'dzina la kopaletivu, pa SIM imene komiti ikuidziwa ndipo ikugwiritsidwa ntchito, pakuti nambala yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imatha kuitseka n'kuipereka kwa munthu wina. Tsiku limene komiti yakale ikupereka chidindo, mabuku ndi makiyi a shedi, zilolezo za pafoni zisinthidwenso tsiku lomwelo, onse akuona, ndipo zilembedwe m'maminitsi: maina akale achotsedwe, pasiwedi isinthidwe, zipangizo zolumikizidwa zitulutsidwe.

Foni ikatayika, yambani ndi SIM, chifukwa manambala otsimikizira onse amafikira pamenepo. Imbirani kampani ya foni pogwiritsa ntchito foni ya mnzanu kuti aitseke, kenako mupite ndi NRC yanu kukatenga ina ya nambala yomweyo. Izi zimayenda mosavuta ngati SIM inalembetsedwa m'dzina lanu, osati la mwana wanu kapena la mlamu. Mukalembetsanso WhatsApp pa SIM yatsopanoyo, foni yotayika ija imatulutsidwa yokha. Mukatha apo lowani m'akaunti ya Google, pezani foniyo pa mndandanda wa zipangizo zanu, ndi kudina Sign out.