Mphunzitsi akakulembera kuti "fair", wakuyamikira kapena wakudzudzula?

Ndili m'chaka choyamba ku koleji, mphunzitsi wina anandibwezera ntchito yanga atalemba pansi pake ndi bolopeni yofiira kuti "A fair attempt". Ine mtima unangoti myaa. Liwu lakuti "fair" ndinkalidziwa kuchokera pa wailesi, pamene ankakamba za "free and fair elections", ndiye ndinaganiza kuti bambowo akundiyamikira kuti ndalemba mwachilungamo, osabera komanso osakondera mbali. Nditatembenuza pepala ndinapeza 52. Mnzanga amene anapeza 71 anamulembera "Good". Apa m'pamene ndinazindikira kuti pali chimene ndachiphonya.

Mfotokozi ameneyu ndi wamfupi, zilembo zinayi zokha basi, koma amasocheretsa anthu ambiri amene anaphunzira Chingerezi m'kalasi. Pena amayamikira, pena amachepetsa, pena amangonena za maonekedwe a munthu kapena za nyengo. Mukatsegula mtanthauziramawu mupeza matanthauzo ali mndandanda, ngati kuti palibe chowalumikiza. Koma chilipo, ndipo ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi wochimvetsa msanga.

Gwero lake ndi kukongola

M'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo liwuli linkalembedwa kuti "fæger", ndipo linkatanthauza chinthu chokongola, chokoma m'maso. Abale ake akadalipo m'zilankhulo za kumpoto kwa Ulaya: "fager" ku Sweden ndi ku Norway, "fagur" ku Iceland. Tanthauzo lakukongolali pano linakalamba. Mulipeza m'mabuku akale ndi m'mayina monga a kanema wa 1964 uja, My Fair Lady, koma musamuuze mtsikana lero kuti "you are fair" n'kumaganiza kuti mwamuuza kuti ndi chiphadzuwa. Iye amva zina, zimene tizione kutsogoloku.

Kuchokera pa kukongola, liwuli linayamba kunena za chinthu chopanda banga, chopanda litsiro. Pamenepa m'pamene panaphukira nthambi zinazo: thambo lopanda mitambo, pepala lopanda zofufutafufuta, khungu kapena tsitsi lowala, ndiponso mchitidwe wopanda chinyengo.

Tsopano taganizirani za tsinde lathu la -yera. Timati madzi oyera, malaya oyera, mtsikana woyera, Mzimu Woyera, mtima woyera, ndipo munthu akaulula nkhani timati wanena poyera. Mtundu, ukhondo, khungu, chipembedzo, khalidwe, zonsezi zili m'liwu limodzi, ndipo palibe Mchewa amene amasokonezeka. Timangomva dzina limene layandikana nalo, basi tadziwa. "Fair" naye amafuna zomwezo. Sikuti "fair" ndi -yera n'chimodzimodzi, ayi, koma mayendedwe awo ndi ofanana.

Chilungamo, koma cha mtundu wake

Tanthauzo limene limamveka kwambiri masiku ano ndi lakusakondera. "A fair referee" ndi woyimbira mpira amene sakondera timu. "A fair price" ndi mtengo umene wogula ndi wogulitsa onse angaugwirizane popanda wina kumva kuti waberedwa. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limakamba za "fair trial", kutanthauza kuti woganiziridwa mlandu azengedwe motsatira njira zoyenera, ndipo gawo 31 limakamba za malipiro oyenera pa ntchito. Munthu akachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka kapena osamumva mbali yake, nkhani yake ku Industrial Relations Court imatchedwa "unfair dismissal". Tilinso ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limayang'anira kuti amalonda asamapondereze ogula. Ndipo pamene khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, pa 3 February 2020, liwuli linali pakamwa pa aliyense.

Pomasulira timathamangira kunena kuti "chilungamo", ndipo nthawi zambiri zimatheka. Koma Chingerezi chili ndi mawu awiri pamene ife timakonda kuikapo limodzi: "just" ndi "fair". "Just" ndi liwu lolemera, la m'makhoti, la paguwa, la nkhani zikuluzikulu. "Fair" ndi la tsiku ndi tsiku, la pabwalo la masewero ndi pogawana zinthu. Mwana wa Mngelezi akaona kuti mkulu wake wapatsidwa keke yaikulu amakuwa kuti "It's not fair!" Sanganene kuti "It's not just". Wathu kuno anganene kuti "Amayi mwakondera!" Mwaona kusiyana kwake? Chingerezi chagwiritsa ntchito mfotokozi n'kuloza mchitidwewo, Chichewa chagwiritsa ntchito mneni n'kuloza munthu amene wachita. N'chifukwa chake pomasulira "unfair" m'nkhani wamba, mawu monga kukondera, kubera, kupondereza kapena kudyera masuku pamutu amamveka bwino kuposa "kupanda chilungamo".

Katswiri wa zilankhulo Anna Wierzbicka, m'buku lake la 2006 lotchedwa English: Meaning and Culture, anatenga mutu wathunthu kufotokoza kuti ganizo la "fair" linamera m'chikhalidwe cha olankhula Chingerezi ndipo zilankhulo zambiri zilibe liwu lolingana nalo ndendende. Chijeremani chinangobwereka: kumeneko amanena "fair" ndi "unfair" momwemo. Ifenso m'tauni timatero. Ndani sanamvepo wina akuti "Aise, zimenezo si fair"?

Chinanso choti tisamale nacho: "fair" si "equal". Anthu atatu akalima munda, wina masiku asanu, wina atatu, wina limodzi, kugawana ndalama mofanana ndi "equal" koma si "fair". "A fair share" ndi gawo loyenera munthuyo malinga ndi mmene zinthu zilili, kaya ndi lalikulu kaya ndi laling'ono. Pa mayeso a nkhani za chitukuko kapena za malamulo, kusakaniza awiriwa kumadyetsa malikisi.

Kalembedwe kake nako kali ndi njira zake. Timati "fair to someone": "The teacher was fair to all of us". Ku Britain mumvanso "It's not fair on the children". Koma "fair for" amabwera m'ziganizo monga "It's not fair for one person to do all the work", pamene pakutsatira mneni.

"Fair" wa choncho

Tibwerere ku 52 wanga uja. Pa sikelo yoyezera ntchito, mawu amakwera motere: "poor", "fair", "good", "very good", "excellent". Ndiye kuti "fair" ali pamwamba pa kulephera koma pansi pa kuchita bwino. Ndi yankho lija timapereka munthu akatifunsa kuti geni ikuyenda bwanji, ife n'kuti "choncho" kapena "pang'onopang'ono". Sizinaipe, koma palibe choimbira nthungululu.

Apa m'pamene anthu amapwetekera. Mukalemba pa CV kuti "Computer skills: fair", mwauza bwanayo kuti kompyuta mumangoidziwa mwa apo ndi apo. Wina akakulemberani kalata yokuchitirani umboni n'kunena kuti "her performance was fair", musamuthokoze kwambiri, kalata imeneyo siikupezetsani ntchito. Galimoto imene aitsatsa kuti ili "in fair condition" imayenda, inde, koma pitani ndi makaniko. Ndipo taonani kusintha kwake: "a fair teacher" ndi mphunzitsi wosakondera, pamene "a fair singer" ndi woimba wapakatikati. Chasintha n'chiyani? Mphunzitsi amaweruza anthu, woimba amaweruzidwa ndi anthu. Dzina likakhala la munthu kapena chinthu chimene chimagawa, kuweruza kapena kusankha, "fair" ndi kusakondera. Likakhala la luso, ntchito kapena mmene chinthu chilili, "fair" ndi choncho.

Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani ya kuchuluka, "fair" yemweyo amakweza m'malo motsitsa. "A fair number of people came" sakutanthauza kuti kunabwera anthu ochepa, koma kuti analipo ndithu, ochulukirapo. "It's a fair distance" ndiye kuti ndi kataliko, musayerekeze kuyenda wapansi dzuwa lili paliwombo. "I have a fair idea" ndiye kuti ndikudziwako bwino ndithu. Muonjezi wake, "fairly", nayenso ali pawiri, koma iye n'ngosavuta kumugwira. Akatsogolera mfotokozi, monga "fairly big", amagwira ntchito ya -ko wathu uja: chachikuluko. Akafotokoza mneni, monga "they treated us fairly", ndi mwachilungamo.

Khungu ndi tsitsi

Ponena za thupi, "fair" ndi kuwala kwa khungu kapena tsitsi. Ku Britain "fair hair" ndi tsitsi lotuwira ngati udzu wouma, ndipo "fair skin" ndi khungu loyera limene silichedwa kupsa ndi dzuwa. Ku India liwuli limapezeka kwambiri m'zotsatsa za ofuna banja, kutanthauza munthu woyererapo.

Apa mbiri ya liwuli ili ndi kachilonda. Liwu limene poyamba linkatanthauza "wokongola" linafika potanthauza "woyera khungu" chifukwa anthu a nthawi imeneyo ankaona ngati ziwirizi n'chimodzi. Ganizoli silinafe. Mafuta odzola a Fair & Lovely, amene anayamba kugulitsidwa ku India mu 1975, anamanga malonda awo pa ganizo lomweli, mpaka mu 2020 pamene kampani ya Unilever inasintha dzinalo kukhala Glow & Lovely anthu atadandaula kwambiri. Ifenso tisadzione ngati tili kutali. Tikamati "ndi mtsikana woyera bwino", kapena tikamaona mafuta oyeretsa khungu akuyenda malonda m'misika, -yera wathu uja akuchita zomwe anachita "fair": waika ukhondo, ubwino ndi mtundu wa khungu m'thumba limodzi. Wophunzira chilankhulo ayenera kudziwa katundu amene liwu lasenza. Ngati mukungofuna kufotokoza maonekedwe a munthu, "light-skinned" kapena "light in complexion" amanena zomwezo popanda kamthunzi kakuti woderapo ndi wosakongola.

Nyengo ndi pepala

"Fair weather" ndi nyengo yopanda mvula ndi mphepo yamkuntho, kunja kuli ngwee. Kwa anthu a dziko la mvula yosatha ngati England, imeneyo ndiyo nyengo yabwino. Koma mlimi wa ku Balaka akamva kuti kukhala "fair weather" kwa milungu itatu mu January, kwa iye imeneyo ndi ng'amba, chimanga chifota. Choncho pomasulira za nyengo ndi bwino kunena kuti "kukhala kopanda mvula" kusiyana n'kuti "kukhala kwabwino". Kuchokera pamenepa panabadwa "fair-weather friend", mnzako wa pamene zinthu zikuyenda, amene amasowa mavuto akafika. Akuluakulu athu ananena kale za chibwenzi cha nkhwangwa chokoma pokwera.

"A fair copy" ndi pepala lomaliza, lolembedwa mwaukhondo mutakonza zolakwika zonse. Mphunzitsi akati "make a fair copy" sakunena za malikisi kapena za kubera, akungofuna kuti mukopere bwinobwino.

Timawu tapakamwa

Pali timagulu ta mawu timene ndi bwino kungotiloweza momwe tilili. "Fair enough" amanenedwa povomereza kuti mnzako ali ndi mfundo, ngakhale kuti mwina sizinakukomere: chabwino, zamveka. "To be fair" amabwera pamene mukufuna kunenako zabwino za munthu amene mwakhala mukumudzudzula: komabe tisamunamizire. "Fair and square" ndi kupambana poyera, popanda chinyengo. "Fair play" ndi kusewera motsatira malamulo ndi molemekeza mdani. "It's fair to say" ndi njira yofewetsera mfundo polemba, ngati mmene timanenera kuti "sitingalakwe kunena kuti".

Ofanana naye nkhope

Pali "fair" wina amene si mfotokozi koma dzina, uja wa Trade Fair ya ku Chichiri mu Blantyre. Ameneyu si m'bale wake n'komwe. Anachokera ku liwu la Chilatini lakuti "feria", tsiku la tchuthi kapena chikondwerero, n'kudzera m'Chifalansa chakale, chifukwa misika ikuluikulu inkachitika pa masiku otere. Anangokumana m'kalembedwe. Ndiye samalani: "trade fair" ndi chionetsero cha zamalonda, "fair trade" ndi malonda osapondereza mlimi kapena wantchito. Palinso "fare", ndalama yolipira m'minibasi, amene amamveka chimodzimodzi koma amalembedwa mosiyana. Kondakitala akakweza mtengo mvula ikangoyamba, mungathe kunena kuti "this fare is not fair", ndipo mwalondola pawiri ponse.

Ndiye mukakumana ndi "fair", musathamangire kumumasulira ali yekha. Yang'anani dzina limene wayandikana nalo. Ngati ndi woweruza, mtengo, chisankho kapena kagawidwe, ndi kusakondera. Ngati ndi luso kapena ntchito, ndi choncho. Ngati ndi chiwerengero kapena mtunda, ndi kochulukirapo ndithu. Ngati ndi khungu, tsitsi kapena thambo, ndi kuyera. Pepala langa la 52 lija ndinalisunga. Ndikaliwerenga lero ndimaona kuti ntchitoyo inalidi ya choncho, ndipo mphunzitsi amene analemba "fair" uja anali "fair".